Prop Sagulidwa Pamsika, Amaleredwa: Phunziro pa Ulendo wa Tadhg Furlong

Tsiku lina madzulo tidadzadza m'chipinda choonera wailesi yakanema, tikudikira mpira wamiyendo womwe udali usadayambe. Pofuna kutayako nthawi, wina adatsegula tchanelo chomwe chinkaonetsa masewero a rugby. Timu ya Leinster ya ku Ireland inkalimbana ndi timu ina ya ku South Africa. Kamera itaonetsa mwamuna wojintcha, wakhosi ngati chitsa, atavala jezi ya nambala 3, chipinda chonse chidafa nalo phwete. "Kodi uyunso amati ndi wosewera mpira?" adafunsa mnzanga wina. "Ameneyu akadangopita kukakweza matumba a chimanga m'lole." Ndidaseka nawo, pakuti nanenso ndidakula ndikudziwa kuti wosewera mpira ndi munthu wopepuka, waliwiro, wodziwa kuzemba anzake ndi kumwetsa zigoli.

Koma funso la mnzangayo silidandichoke m'mutu. Ndidayamba kutsatira masewerowa, ndipo ndidadzazindikira kuti munthu tinkamusekayo ndi Tadhg Furlong, mmodzi mwa osewera omwe dziko la Ireland lakhala likuwasamala ngati dzira. M'chimangirizo chino ndikufuna kufotokoza maganizo anga pa zomwe ulendo wa mnyamata ameneyu, kuchokera kumudzi kwawo mpaka kutchuka, ukuphunzitsa. Maganizo angawa ali patatu. Choyamba, wosewera wa malo ngati akewa amaleredwa kwa zaka zambiri, ndipo ndalama sizingafupikitse zakazo. Chachiwiri, kufulumizitsa mnyamata pamalo amenewa ndi kuseweretsa khosi lake. Chachitatu, dziko lomwe limasaka luso m'sukulu za ana a anthu opeza bwino zokha limadzimana lokha.

Poti masewero a rugby ngachilendo kwa ambiri a ife, ndiyambe ndafotokoza ntchito ya munthuyu. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 15, ndipo masewero amatenga mphindi 80. Mpira saponyera kutsogolo ndi manja. Wosewera akaugwetsera kutsogolo, woyimbira amaimitsa masewero ndi kulamula chomwe amachitcha scrum. Apa osewera 8 a timu iliyonse amakolekerana manja, n'kuwerama, n'kulowetsana mitu ndi anzawo 8 a timu inayo, kenaka amakankhana mpira utaponyedwa pansi pakati pawo. Pamzere wakutsogolo pamaima anthu atatu. Wapakati, wa nambala 2, amatchedwa hooker ndipo amakokera mpira kumbuyo ndi phazi. Awiri a m'mbali mwake ndiwo maprop, dzina lomwe tanthauzo lake ndi mchirikizo. Wa nambala 1, loosehead, mutu wake umakhala ndi mpata mbali imodzi. Wa nambala 3, tighthead, mutu wake umapanikizika pakati pa mitu ya adani awiri, choncho mapewa ake onse amalandira katundu.

Pamasewero a mayiko, anthu 8 a timu imodzi amalemera pafupifupi makilogalamu 900 onse pamodzi. Tangoganizirani, inu awerengi, kuti kutsogolo kukubwera katundu wotere, kumbuyonso anzanu akukankha ndi mphamvu zawo zonse, ndipo zonsezi zikukumana pakhosi ndi pamsana panu. Wa nambala 3 akagwedezeka, scrum yonse imabwerera m'mbuyo kapena kugwa, woyimbira n'kupereka penate kwa adani. Penate imodzi ikhoza kubala mapointi 3, kapena kukankhira timu kufupi ndi mzere wake. Zikachitika kasanu, kasanu ndi kamodzi, masewero aja apita, ngakhale timu itakhala ndi akatswiri othamanga ngati mphepo. Nyumba anthu amaiyamikira poona denga ndi zitseko, koma amene adamangapo amadziwa kuti mzati ukafumbwa zonsezo zimatsikira pansi.

Dziko la Ireland lidaphunzira zimenezi mowawa. Kuyambira mu 2000, jezi ya nambala 3 idali ya John Hayes, mlimi wa ku County Limerick yemwe adayamba rugby ali ndi zaka 18. Iye adasewerera dziko lake masewero 105, ndipo adali m'timu yomwe idapambana masewero onse asanu a mpikisano wa Six Nations mu 2009, chipambano chomwe amachitcha Grand Slam. Kwa zaka pafupifupi 10 aphunzitsi ankadalira munthu mmodziyu, osakonza womulowa m'malo. Hayes atakalamba padalowa Mike Ross wa ku County Cork, yemwe kwawo adaamuona ngati wosafunika mpaka adakakhwimira ku timu ya Harlequins ku London. Ross adayamba kusewerera Ireland mu 2009 ali kale ndi zaka 29. Apanso dziko lidatsamira pa munthu mmodzi.

Tsoka lidagwa pa 17 Malichi 2012 pabwalo la Twickenham ku London, tsiku lomwe anthu a ku Ireland amakumbukira Patrick Woyera, nkhoswe ya dziko lawo. Ross adavulala chigawo choyamba chisadathe. Nthawi imeneyo malamulo ankalola osewera 7 okha pabenchi, ndipo Ireland idali ndi prop mmodzi wapadera, Tom Court, yemwe malo ake ozolowera adali a nambala 1. Atamuika pa nambala 3, timu ya England idakankha scrum ya Ireland ngati wilibala, ndipo idapambana ndi mapointi 30 kwa 9. Anthu ambiri adadzudzula Court, koma ine ndikuona kuti mlandu sudali wake. Munthu adatumidwa ntchito yomwe sadaikonzekere. Olakwa adali omwe kwa zaka zonsezo ankadya zipatso za mtengo umodzi osabzala wina.

Pamenepa padali njira ziwiri. Yoyamba idali yachidule, yokasaka prop wokhwimakhwima kunja. Chakumapeto kwa chaka chomwecho, Michael Bent adafika kuchokera ku New Zealand, ndipo poti agogo ake adali ochokera ku Ireland, adavala jezi ya dzikolo polimbana ndi South Africa asadasewereko ngakhale kamodzi mu timu ya Leinster yomwe idamulemba ntchito. Bent adatumikira Leinster mokhulupirika kwa zaka zambiri, koma sadakhale yankho la vuto la timu ya dziko. Njira yachiwiri idali yaitali. Bungwe loyendetsa masewerowa la IRFU, lomwe limayang'anira matimu anayi a zigawo, Leinster, Munster, Ulster ndi Connacht, lidayamba kuchepetsa osewera akunja omwe matimuwa angalembe pamalo amodzi, kuti anyamata a pakhomo apeze mpata. Njira yachiwiriyi ndiyo idabala Furlong.

Tadhg Furlong adabadwa pa 14 Novembala 1992, ndipo adakulira pafamu kufupi ndi mudzi wa Campile ku County Wexford, kumwera chakuvuma kwa Ireland. Kumeneko masewero a pamtima pa anthu ndi a makolo awo, mpira wa Gaelic ndi hurling. Iye ankasewera mpira wa Gaelic mu kalabu ya Horeswood, ndipo rugby adaiphunzirira ku kalabu yaing'ono ya m'tauni ya New Ross. Sukulu yake ya sekondale, Good Counsel College, siidali m'gulu la sukulu zotchuka pa rugby. Adadutsa m'matimu a achinyamata a chigawo cha Leinster, n'kusewerera timu ya dziko ya anyamata osapitirira zaka 20, kenaka adalowa m'sukulu yosulira osewera ya Leinster ku Dublin. Mu Novembala 2013, akuyandikira zaka 21, adasewera koyamba mu timu yaikulu ya Leinster.

Chomwe chimandichititsa chidwi ndi zomwe zidatsatira. Mnyamatayu sadapatsidwe jezi ya nambala 3 nthawi yomweyo. Patsogolo pake padali Mike Ross, Marty Moore ndi Michael Bent. Kwa zaka zingapo ankalowa chakumapeto kwa masewero, kapena kuyamba masewero ang'onoang'ono akuluakulu aja akapita kukatumikira dziko. Tsiku ndi tsiku pokonzekera ankagundana mitu ndi Cian Healy ndi Jack McGrath, maprop a timu ya dziko, ndipo ankaonera Ross momwe amaikira mapazi ndi momwe amapindira msana. Mu Ogasiti 2015, ali ndi zaka 22, adasewerera Ireland koyamba polimbana ndi Wales, atachokera pabenchi. Mphunzitsi Joe Schmidt adamutenga kupita naye ku mpikisano wa dziko lonse wa chaka chimenecho, komwe adasewerako pang'ono chabe. Wina akadati nthawi ikutayika. Koma akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zipatso zidaoneka mu 2016. Pa 5 Novembala chaka chimenecho, pabwalo la Soldier Field mumzinda wa Chicago, Ireland idagonjetsa New Zealand ndi mapointi 40 kwa 29. Aka kadali koyamba chiyambireni kukumana kwa mayiko awiriwa mu 1905, ndipo nambala 3 adavala ndi Furlong. Patatha masabata awiri matimuwa adakumananso ku Dublin. Ireland idagonja, koma anthu amakumbukirabe momwe mnyamata wa ku Wexford adathamangira ndi mpira akugwetsa akatswiri a New Zealand mmodzimmodzi. Mu 2017 adasankhidwa mu timu ya British and Irish Lions, yomwe imatola osewera abwino koposa a ku England, Scotland, Wales ndi Ireland, ndipo adayamba masewero onse atatu olimbana ndi New Zealand ali ndi zaka 24 zokha.

Kenaka padafika 17 Malichi 2018. Bwalo lidali lomwe lija la Twickenham, adani omwe aja a England, tsiku lomwe lija la Patrick Woyera, patatha zaka 6 chichitikireni manyazi aja. Ireland idapambana ndi mapointi 24 kwa 15, n'kutenga Grand Slam yachitatu m'mbiri yake, ndipo yemwe adasankhidwa kukhala katswiri wa masewero a tsikulo adali wa nambala 3. Chaka chomwecho Leinster idatenga chikho cha makalabu a ku Ulaya itagonjetsa Racing 92 ndi mapointi 15 kwa 12 mumzinda wa Bilbao, ndipo mu Novembala Ireland idagonjetsanso New Zealand, ulendo uno pakhomo ku Dublin, ndi mapointi 16 kwa 9.

Umboni wakuti apa panali dongosolo, osati mwayi wa munthu mmodzi, udaoneka mkati mwa mpikisano wa 2018 womwewo. Polimbana ndi Italy, Furlong adavulala masewero atangoyamba kumene. Mu 2012 zotere zidagwetsa timu yonse. Ulendo uno padalowa Andrew Porter, mnyamata wa zaka 22 wa ku Dublin, yemwe aphunzitsi adali atamusamutsa dala kuchoka pa nambala 1 kupita pa nambala 3 ndi kumuphunzitsa ntchitoyo pang'onopang'ono. Porter adamaliza masewerowo, ndipo adayambanso masewero otsatira omwe Ireland idagonjetsa Wales. Kusiyana kwa Court ndi Porter sikudali pa mphamvu kapena kulimba mtima. Wina adaponyedwa m'madzi mwadzidzidzi, pomwe mnzake adayamba waphunzitsidwa kusambira.

Tsopano ndifike pa mfundo yachiwiri, yomwe kwa ine ndi yaikulu kuposa zikho. Mnyamata wa zaka 19 akhoza kukhala ndi thupi lalikulu ndi kunyamula zitsulo zolemera, koma ntchito ya m'scrum imafuna khosi ndi msana zomwe zazolowera katundu kwa zaka, komanso nzeru zodziwa chochita mdani akapotoza phewa kapena scrum ikayamba kugwa. Nzeru zimenezi sizilembedwa pabolodi. Zimabwera pogonja kambirimbiri pamalo pomwe kugonjako sikuvulaza. Kukumanitsa mnyamata wosakhwima ndi mwamuna wa zaka 30 yemwe wakhala akuchita zimenezi theka la moyo wake si kumupatsa mwayi ayi. Ngozi yake ndi yeniyeni. Mu Malichi 2005, Matt Hampson, prop wa timu ya England ya anyamata osapitirira zaka 21, adathyoka khosi scrum itagwa pokonzekera masewero, ndipo adafa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika m'munsi ali ndi zaka 20. Ngakhale wokhwima sapulumuka nthawi zonse. Cian Healy, yemwe adapuma mu 2025 atasewerera Ireland masewero ambiri kuposa wina aliyense, adatsala pang'ono kusiyiratu masewerowa mu 2015 chifukwa cha vuto la khosi lomwe lidafoola dzanja lake.

Oyendetsa masewerowa adaziona zimenezi ndipo adasintha malamulo. Kuyambira kumapeto kwa 2012, matimu a mayiko amakhala ndi osewera 8 pabenchi, atatu mwa iwo a mzere wakutsogolo, kuti wina asakakamizidwe kusewera malo omwe sawadziwa. Mu 2013 adalamula kuti maprop aziyamba agwirana asadagundane, pofuna kuchepetsa mphamvu ya kugundanako. M'masewero a anyamata osapitirira zaka 19, scrum siloledwa kukankhidwa kupitirira mita imodzi ndi theka. Ndipo ngati timu yasowa wosewera wophunzitsidwa wa mzere wakutsogolo, woyimbira amalamula kuti pasakhale kukankhana n'komwe. Malamulo onsewa akunena chinthu chimodzi, chakuti pamalo amenewa kuthamanga sikufika.

Ndikudziwa kuti alipo omwe angatsutse. Ena angati moyo wa wosewera ndi waufupi, ndiye chaka chilichonse chomwe mnyamata wakhala pabenchi ndi ndalama zotayika zomwe sadzazipezanso. Angawonjezere kuti munthu amaphunzira posewera, osati poonerera. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo sindikunena kuti mnyamata azingotenthetsa benchi. Furlong ankasewera ndithu, kungoti katundu ankamuwonjezera pang'onopang'ono monga momwe amachitira ndi ng'ombe yomwe ikuphunzira goli. Tikawerengera bwino, kudekhako kudamupindulira. Adayambanso masewero onse atatu a Lions ku South Africa mu 2021, ndi enanso atatu ku Australia mu 2025, kutanthauza masewero 9 otsatizana pa maulendo atatu. Bungwe la World Rugby lidamuika mu timu ya osewera abwino koposa a chaka mu 2021, 2022 ndi 2023. Zaka ziwiri kapena zitatu zomwe adadikira zidamubwezera zaka pafupifupi 10 ali pamwamba.

Ena angatsutse dongosolo la IRFU lenilenilo. Bungweli limapereka makontirakiti ake kwa osewera ofunika kwambiri, limawauza masewero oti apume, ndipo mwachizolowezi silisankha wosewera yemwe wapita kukasewera kunja. Simon Zebo atalengeza mu 2017 kuti akupita kukasewera kunja, adasiyidwa mu timu ya dziko ngakhale ankasewera bwino. Kodi kumeneku si kumanga munthu miyendo? Ndivomere kuti pali kuuma mtima pamenepa, pakuti munthu akukakamizidwa kusankha pakati pa ndalama ndi jezi ya dziko lake. Komabe kwa prop, yemwe thupi lake limaperesedwa sabata ndi sabata, kukhala ndi bwana yemwe phindu lake lili pa kumusunga kwa zaka zambiri ndi chitetezo. Kalabu yomwe yagula munthu pa kontirakiti ya zaka ziwiri imafuna kukama mkaka wonse zakazo zisadathe. Amene adamulera kuyambira ali ndi zaka 18 amaganizako za mawa.

Koma sindikufuna kujambula dziko la Ireland ngati kumwamba, ndipo apa ndafika pa mfundo yachitatu. Osewera ambiri a Leinster amachokera m'sukulu zochepa zolipira, monga Blackrock College, St Michael's College ndi Clongowes Wood College. Sukuluzi zili ndi mabwalo abwino, aphunzitsi a masewero ndi zipangizo zolimbitsira thupi, ndipo zimapikisana m'chikho chomwe chidayamba mu 1887. Mnyamata wa kumeneko amafika zaka 18 atakonzekera ngati katswiri. Mnyamata wa kukalabu ya kumudzi amakonzekera kawiri pa sabata, madzulo, mophunzitsidwa ndi anthu ongodzipereka. Osankha osewera akangoyang'ana yemwe wapsa lero, wa kumudzi uja sangaoneke. Chodabwitsa n'chakuti amuna atatu omwe adasunga jezi ya nambala 3 kwa zaka zoposa 20, Hayes, Ross ndi Furlong, onse adachokera kumafamu ndipo adayambira m'makalabu ang'onoang'ono. Hayes adayamba mochedwa, Ross adachita kukakhwimira kunja, ndipo Furlong yekha ndiye adapezedwa pa nthawi yake. Funso lomwe limandivuta ndi ili: ndi anyamata angati a mtundu wawo omwe adatsala m'makola a ng'ombe chifukwa palibe adapita kukawaona?

Pali chinanso chomwe kumudzi kudamupatsa. Kale prop ankangofunika kukankha basi. Furlong adatchuka chifukwa, ndi thupi la makilogalamu pafupifupi 120, amadziwa kuponda mopepuka ndi kupatsira mpira mwaluso. Pa tsiku lija la Grand Slam ya 2018, iye ndiye adalandira mpira pakati pa bwalo n'kuupatsira mofewa kwa Bundee Aki, yemwe adabowola mpanda wa England n'kupereka kwa CJ Stander kuti agoletse. Ndikukhulupirira kuti luso lotere lidachokera ku mpira wa Gaelic, momwe munthu amathamanga, kudumpha, kuwakha ndi kumenya mpira ndi phazi. Mwana wonenepa akangouzidwa ali ndi zaka 10 kuti iwe ntchito yako ndi kukankha, amakula akudziwa kukankha kokha. Makolo ndi aphunzitsi omwe amatsekera mwana m'khola limodzi adakali wamng'ono amaganiza kuti akumuthandiza, chonsecho akumudula nthambi zomwe zikadadzabala.

Ndisabise mtengo womwe munthu amalipira, ngakhale wolereredwa bwino. Kuyambira mu Febuluwale 2020, Furlong adakhala pafupifupi chaka chathunthu osasewera chifukwa cha kuvulala kwa minofu ya m'miyendo, ndipo vutoli lidamubwereranso m'zaka zotsatira. Palinso nkhani ya ubongo. Mu Disembala 2020, Steve Thompson, hooker wa timu ya England yomwe idatenga chikho cha dziko lonse mu 2003, adaulula kuti madokotala adamupeza ndi matenda oiwalaiwala asadakwanitse zaka 45, ndipo sakumbukira masewero omwe adamupatsa ulemuwo. Ichi n'chifukwa chake ndikunena kuti kulera wosewera sikuthera pa kumulimbitsa thupi. Bungwe lomwe latenga mnyamata wa zaka 18 lili ndi udindo woonetsetsa kuti akupitiriza maphunziro, kuti akagunda mutu akupuma mokwanira, ndiponso kuti tsiku lomwe adzavule jezi adzakhale ndi pogwira. Wosewera amapuma ali ndi zaka za m'ma 30, moyo udakali wautali kutsogolo.

Ntchito yolera sikhala ndi tsiku lomaliza. Furlong adathandiza Ireland kugonjetsa New Zealand kwawo komwe mu 2022 ndi kutenganso Grand Slam mu 2023, ngakhale kuti pa mpikisano wa dziko lonse wa chaka chimenecho timuyi idatulukanso mu ndime ya matimu 8. Mu Novembala 2025, mwezi womwe iye adakwanitsa zaka 33, timu ya South Africa idafika ku Dublin n'kupambana ndi mapointi 24 kwa 13, makamaka chifukwa chopanikiza Ireland m'scrum. Kwa ine masewero amenewa adali chikumbutso cha 2012. Ngati dziko lingatsamirenso pa munthu mmodzi mpaka mawondo ake atatha, lidzabwerera komwe lidachokera. Wodzavala nambala 3 mu 2032 lero ndi mnyamata wa kusekondale, mwina ku Dublin, mwina pafamu ina ku Wexford kapena ku Mayo, ndipo nthawi yomufunafuna ndi ino. M'mera mpoyamba.

Pomaliza, ndibwerere m'chipinda chathu chija. Tidamuseka munthu uja chifukwa maso athu adazolowera kutsata mpira, ndipo mpira nthawi zambiri umakhala m'manja mwa wothamanga. Koma oonera a kumwera kuno kwa Africa adaphunzira kale kulemekeza anthu otere. Tendai Mtawarira, mwana wa ku Harare yemwe adatenga chikho cha dziko lonse ndi South Africa mu 2019, adali prop, ndipo bwalo lonse linkafuula iye akagwira mpira. Ulendo wa Furlong wandiphunzitsa kufunsa mafunso ena ndikaona timu ikupambana. Ndani akusenza katundu pansi pa mulu wa anthuwo? Adamupeza kuti, ndipo adamudikira zaka zingati? Nanga akadzatopa, ndani akukonzedwa kuti alowe m'malo mwake? Mnzanga uja adanena zoona ndithu kuti munthuyo akhoza kukweza matumba m'lole. Chomwe tonse sitidadziwe tsiku limenelo n'chakuti pamafunika zaka pafupifupi 10, aphunzitsi odekha ndi makalabu a kumudzi osatopa kuti munthu wokweza matumba asanduke wa nambala 3.